Mmene mungadziwire mitundu ya majointi oyenda momasuka pongogwira thupi lanu lomwe

Ngati mukufuna kudziwa mitundu ya majointi amene amayenda momasuka mthupi mwa munthu, tsekani kaye buku lija muimirire, chifukwa zonse zomwe mukulimbana nazo kulowezazo zili pathupi panu pompo ndipo mutha kuzigwira ndi dzanja. Anthu ambiri mutu umenewu umawavuta pa bayoloje chifukwa amaloweza mayina sikisi achingerezi a mitunduyi, hinge, pivot, condyloid, saddle, ball and socket ndi plane, ngati nyimbo, nde pakangotha sabata zonse zasokonekera, za chigongono zapita kuphewa, za khosi zapita kudzanja. Ine ndimaona kuti vuto ndi loyambira ku dzina. Yambirani ku kayendedwe kake, dzina libwera lokha pambuyo.

Tisiyanitse kaye, poti si jointi iliyonse ili mgulu tikukambali. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206 ndipo pafupifupi lililonse limakumana ndi linzake penapake, kupatula kafupa ka pakhosi kotchedwa hyoid komwe kamangolendewera pa minofu. Pokumana mafupapo ndi pomwe tikuti jointi, ena amati mfundo, ena amati molumikizira mafupa, ndi chimodzimodzi. Gwirani pamwamba pa mutu wanu. Chigaza chimaoneka ngati fupa limodzi koma ndi mafupa angapo olumana ngati osokedwa, ndipo mwa munthu wamkulu sipagwedera olo pang'ono, amenewo ndi majointi a fibrous. Pakati pa timafupa ta msana pali timapilo tolola kuyenda pang'ono chabe, amenewo ndi a cartilaginous. Gulu lachitatu ndi lathuli, majointi a synovial, mabuku ena amati diarthrosis.

Chomwe chimapangitsa jointi kukhala ya synovial ndi choti mafupa awiriwo sanamatane, pakati pawo pali kampata. Kumapeto kwa fupa lililonse kuli katileji wosalala, uja ena amati chicherewecherewe, wochindikala mamilimita ochepa chabe koma woterera kwabasi. Jointi yonse yakutidwa ndi kathumba kolimba kotchedwa capsule, ndipo mkati mwa kathumbako mwayalidwa kachikopa kopyapyala komwe kamatulutsa timadzi tonanda, synovial fluid. Mawu oti synovia anayambitsa ndi Paracelsus, dokotala wobadwira ku Switzerland wa zaka za m'ma 1500, ndipo anthu amawalumikiza ndi dzira chifukwa timadzito timananda ngati zoyera za dzira laliwisi. Kunja kuli maligamenti omwe amamanga fupa ku fupa linzake, ndi matendoni omwe amamanga mnofu ku fupa, ziwirizi musazisakanize chifukwa pamayeso amakonda kutchera msampha pamenepa.

Chinthu chimodzi chomwe chimandigwira mtima pa katilejiyu ndi choti alibe mitsempha ya magazi komanso alibe manevi. Amadya kudzera mtimadzi tija, jointi ikapanikizika timadzi timafinyika kutuluka, ikamasuka timalowanso titatenga zakudya, ngati siponji. Nchifukwa chake jointi yomwe yakhala nthawi yaitali osayenda imauma, ndipo nchifukwa chakenso katileji akawonongeka amachedwa kwambiri kupola, nthawi zambiri sabwereranso mwakale.

Mafunso atatu ofunsa jointi iliyonse

Njira yake ndi iyi. Pa jointi iliyonse funsani zinthu zitatu. Kodi ikupinda ndi kuwongoka? Kodi ikupita cham'mbali, uku ndi uku? Kodi fupa likutha kuzungulira palokha pomwe lili ngati kiyi mu loko? Mukawerenga mayankho a inde, mwatsala pang'ono kupeza mtundu wake. Ikamachita chimodzi chokha ndi hinge kapena pivot, ikamachita ziwiri ndi condyloid kapena saddle, ikamachita zonse zitatu ndi ball and socket, ndipo ikamangotsetsereka pang'ono osapinda kwenikweni ndi plane.

Koma pali lamulo limodzi lomwe mukaliphonya zonse zikusokonezani: gwirani mwamphamvu fupa lomwe lili kumtunda kwa jointi mukuyesayo kuti lisayende. Thupi limakonda kuthandizana, mukati muyese dzanja phewa limalowererapo osakuuzani, nde mumaganiza kuti dzanja lazungulira pomwe lazungulira ndi phewa. Ndipo chitani zonsezi pang'onopang'ono, pakapweteka lekani, palibe chifukwa chokakamiza.

Yambani ndi chala cholozera. Gwirani kafupa kapakati ka chalacho ndi dzanja linalo, nde yendetsani kansonga kokha. Kakupinda, kakuwongoka, basi. Yesani kukapititsa m'mbali, sikapita. Imeneyo ndi hinge, dzina lake likuchokera ku mahinji a chitseko omwe amangotseguka ndi kutsekeka njira imodzi. Chigongono nachonso ndi hinge yodziwika kwambiri, kumapeto kwa humerus, fupa la mkono wakumtunda, kuli kamalo kooneka ngati kawilo ka ulusi ndipo ulna, fupa la mkono wakumunsi la kumbali ya kachala kakang'ono, imakagwira ngati sipanala yagwira nati. Mukawongola mkono mpaka kumapeto mumva kuti waima zii osapitiliranso, chomwe chachitika ndi choti nsonga ya ulna, ija mumatsamira patebulo, yalowa mkadzenje kumbuyo kwa humerus, fupa lagunda fupa. Popinda mumafika madigiri pafupifupi 145 mkono usanagundane ndi mnofu. Pomwepo cha mkati mwa chigongono pamadutsa ulnar nerve, ndi ija mukagunda pakona ya tebulo mumamva ngati magetsi mpaka kukachala kakang'ono, limenelo si fupa ayi ndi nevi.

Kakolo nayenso ndi hinge, fupa lotchedwa talus lakhala pakati pa mafupa awiri a mwendo wakumunsi, tibia lalikulu lakutsogolo ndi fibula laling'ono lakunja, ndipo limangolola phazi kukwera ndi kutsika. Mwina munena kuti koma phazi langa limapendekeka m'mbali, zoona, koma kupendekekako kukuchitikira pa jointi ina yapansi pake, pakati pa talus ndi fupa la chidendene. Anthu ambiri akabinya phazi limakhala lapindikira mkati, nde amavulala ndi maligamenti a kunja kwa kakolo.

Tsopano pivot, ndipo iyi ndimaikonda chifukwa umachita kuimva ikuzungulira pansi pa chala. Pindani chigongono, chigundike kunthiti kuti phewa lisabe ntchito, nde tembenuzani chikhatho kuyang'ana kumwamba kenako pansi. Mukuchita chonchi ikani chala cha dzanja linalo kunja kwa chigongono, pansi pang'ono pa kafupa kotuluka kaja, mufufuze mpaka mumve kanthu kozungulira kakugubuduka pansi pa khungu. Umenewo ndi mutu wa radius, fupa linalo la mkono wakumunsi la kumbali ya chala chachikulu, ukuzungulira mkati mwa ligamenti yooneka ngati mphete yomwe yaumangirira ku ulna. Chikhatho chikayang'ana kumwamba radius ndi ulna zimagona moyandikana mowongoka, chikayang'ana pansi radius imadutsa pamwamba pa ulna zimapingasana. Nde pachigongono pomwepo mkathumba kamodzi muli hinge komanso pivot, ichi anthu ambiri sadziwa.

Apa ndipatuke pang'ono chifukwa ndi zofunika kwa aliyense wolera mwana. Mwa ana osakwana zaka 5 mphete ija imakhala isanalimbe ndipo mutu wa radius usanakule bwino, nde mukamukoka mwana mwamphamvu padzanja kapena kumunyamula ndi mkono umodzi, kafupako kamatha kupulumuka pang'ono mumphetemo. Mwana amalira kenako amangousiya mkonowo uli lende osafuna kuugwiritsa ntchito. Kuchipatala amaubweza mosavuta, koma kuli bwino kumunyamulira mkhwapa.

Pivot ina ili mkhosi. Pukusani mutu ngati mukukana. Khosi lili ndi timafupa 7, koyamba kamatchedwa atlas, dzina lochokera kwa Atlas wa nthano zachigiriki yemwe ankasenza thambo, poti nakonso kasenza mutu. Atlas ndi mphete chabe. Kachiwiri ndi axis, ndipo kali ndi kamsonga koloza mmwamba kotchedwa dens, kutanthauza dzino mchilatini, komwe kalowa mumphete ya atlas, nde atlas ndi mutu wonse zimazungulira pa dzino limenelo. Pafupifupi theka la kutembenuka konse kwa khosi limachitikira pa jointi imodzi imeneyi. Koma mukagwedeza mutu ngati mukuvomera, imeneyo ndi jointi ina, yapakati pa chigaza ndi atlas, ndipo si pivot, ndi condyloid. Kukana ndi pivot, kuvomera ndi condyloid, mukagwira chimenechi simuiwalanso.

Condyloid, ena amati ellipsoid, ndi pomwe fupa lina lili ndi mutu wobulungira motalika mbali imodzi, ngati mpira wa rugby, ndipo wakhala mkadzenje ka maonekedwe omwewo. Chifukwa si wobulungira ndendende, umatha kupendekera kutsogolo ndi kumbuyo, uku ndi uku, koma sungazungulire pomwe uli. Tambasulani dzanja muyang'ane mfundo zomwe zimatuluka mukakunga chibakera, pomwe zala zayambira. Pindani zala pamenepo, zikupinda. Tayanitsani zala ndi kuzibweza pamodzi, zikutheka. Nde yesani kuzungulitsa chala palokha kuti chikhadabo chiyang'ane m'mbali popanda kuchigwira ndi dzanja lina, sizitheka. Mayankho awiri a inde, limodzi la ayi. Kenako kungani chibakera muyesenso kutayanitsa zala zili zopinda, muona kuti zakana, chifukwa maligamenti a m'mbali amakungika jointi ikapinda ndipo ndi zomwe zimapangitsa kuti mukagwira chinthu chigwirike zolimba.

Msampha waukulu uli pa jointi ya dzanja, pomwe timavala wotchi. Aliyense amati dzanja limazungulira, nanga si timaliona likuzungulira. Gwirani mwamphamvu mafupa awiri a mkono pamwamba pang'ono pa jointiyo kuti asayende, nde yesani kutembenuza chikhatho, sichitembenuka. Kutembenuka kuja kumachokera ku pivot ya radius ndi ulna. Chomwe dzanja limatha palokha ndi kupinda kutsogolo ndi kumbuyo, ndi kupendekera m'mbali, ndipo muona kuti limapita patali kumbali ya kachala kakang'ono kusiyana ndi kumbali ya chala chachikulu. Mukaphatikiza mayendedwe anayiwo motsatizana nsonga za zala zimajambula mkombero mumlengalenga, zimenezi amati circumduction, ndipo ndi zosiyana ndi rotation komwe fupa limazungulira palokha. Jointi ya condyloid imatha circumduction koma rotation ayi. Ndikubwereza dala chifukwa apa ndi pomwe ambiri amataya mamalikisi.

Chala chachikulu chili ndi nkhani yakeyake

Saddle ndi chishalo, chija amakhalira wokwera hatchi. Chishalo chimalowa mkati mukachiyang'ana kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, koma chimatsikira pansi mbali zonse ziwiri komwe kumapita miyendo. Nde ganizani zishalo ziwiri, china chavundikira chinzake mopingasa, ndi mmene mafupa a jointi imeneyi akhalira. Kuti muipeze musayang'ane pomwe chala chachikulu chikuoneka kuti chayambira, tsikani nalo fupalo mpaka kufupi ndi jointi ya dzanja, patsinde penipeni. Pamenepo fupa loyamba la chikhatho lakumana ndi kafupa kotchedwa trapezium. Ikani chala pamenepo nde yendetsani chala chachikulucho, mumva pakuyenda.

Tsopano gunditsani nsonga ya chala chachikulu ku nsonga ya kachala kakang'ono, muyang'anitsitse chikhadabo. Poyamba chinayang'ana m'mbali, pofika uko chatembenuka ndithu. Kayendedwe kameneka amati opposition ndipo ndi komwe kamatilola kugwira cholembera, kumanga batani, kutola singano pansi. Ngati mukufuna kumvetsa kufunika kwake, pindirani chala chachikulu mchikhatho muyese kumanga zingwe za nsapato ndi zala zinayi zotsalazo. Poti jointi imeneyi imagwira ntchito tsiku lonse, ndi imodzi mwa zomwe zimagwidwa msanga ndi nyamakazi yobwera ndi kutha kwa katileji, osteoarthritis, makamaka mwa amayi achikulire, ndipo amayamba kumva kupweteka potsegula botolo kapena potembenuza kiyi. Jointi ina yomwe mabuku amaika mgulu la saddle ndi pomwe clavicle, fupa lopingasa lochokera pansi pa khosi kupita kuphewa, yakumana ndi fupa la pachifuwa, gwirani pansi pa khosi pomwe pali timabampu tiwiri nde kwezani mapewa, mumva pakusuntha. Kamalo kakang'ono kameneko ndi kokhako komwe mafupa a mkono wonse alumikizana mwachindunji ndi mafupa a thunthu, kwina konse agwiridwa ndi minofu.

Phewa ndi chiuno

Apa mpofunika kukhalitsapo chifukwa majointi awiriwa ndi a mtundu umodzi, ball and socket, mpira wolowa mkachikho, koma khalidwe lawo ndi losiyana kwambiri ndipo kusiyanako kukuphunzitsani zambiri kuposa tanthauzo la mbuku.

Yambani ndi phewa mufunse mafunso atatu aja. Mkono kutsogolo ndi kumbuyo, inde. M'mbali kukwera ndi kutsika, inde. Pindani chigongono chili kunthiti nde tsegulani mkono kunja ndi kuubweza pamimba ngati chitseko, pamenepo humerus ikuzungulira payokha, inde wachitatu. Palibe jointi ina mthupi yoyenda kwambiri kuposa imeneyi. Chinsinsi chake ndi choti kachikho kotchedwa glenoid, ka pa scapula, fupa lafulati la kumbuyo kwa phewa, ndi kosaya kwambiri, kali ngati kambale kakang'ono, moti pa nthawi imodzi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mutu wa humerus ndi lomwe limakhudza. M'mbali mwa kambaleko muli mkombero wa katileji wolimba wotchedwa labrum wowonjezera kuya pang'ono, koma ntchito yaikulu yogwira mpirawo kuti usachoke imagwiridwa ndi minofu inayi yomwe pamodzi amati rotator cuff: supraspinatus, infraspinatus, teres minor ndi subscapularis. Nde poti chogwira ndi mnofu osati fupa, phewa ndi lomwe limaguluka kawirikawiri pa majointi onse akuluakulu, nthawi zambiri mpirawo umatulukira kutsogolo, munthu akagwa mkono uli mmwamba chakumbuyo. Ndipo likaguluka kamodzi mwa wachinyamata limakonda kubwereza chifukwa labrum ndi kathumba kaja zimakhala zang'ambika kapena kutamuka.

Pali kanthu kena koti muyese ndi mnzanu. Ikani chikhatho pa scapula yake kumsana, iye akweze mkono m'mbali mpaka kuloza kumwamba. Mumva scapula ikutsetsereka ndi kutembenuka pansi pa dzanja lanu. Pa madigiri 180 omwe mkono umakwera, pafupifupi 120 ndi a ball and socket yeniyeniyo, 60 otsalawo ndi scapula yomwe ikuyenda pamwamba pa nthiti. Mukaigwira scapula kuti isayende mkono sufika pamwamba.

Chiuno tsopano. Choyamba pezani pomwe jointiyo ili chifukwa ambiri amaloza polakwika. Pomwe mumagwira mukaika manja mchiuno ndi mkombero wa fupa la pelvis chabe, ndipo bampu lolimba lomwe lili m'mbali mwa ntchafu kumtunda ndi mbali ya femur, fupa la ntchafu, yomwe pamamangirira minofu. Jointi yeniyeni ili mkati, kutsogolo, pomwe ntchafu imapindikira mukakhala pansi, yakwiririka ndi minofu moti simungaigwire. Nchifukwa chake munthu yemwe jointi ya chiuno yatha amamva kupweteka mphechepeche mwa ntchafu, nthawi zina mpaka kubondo, osati m'mbali. Kachikho kake, acetabulum, ndi kakuya ndipo kapangidwa ndi mafupa atatu omwe anagwirana munthu akukula, ilium, ischium ndi pubis. Mutu wa femur, fupa lalitali kuposa onse, walowa mkatimo zenizeni, ndipo kutsogolo kwake kuli iliofemoral ligament yomwe imawerengedwa kuti ndi yolimba kuposa maligamenti onse mthupi. Imirirani ndi mwendo umodzi mutagwira khoma, winawo muupititse kutsogolo, m'mbali, nde muuzungulitse phazi liyang'ane kunja ndi mkati bondo lili chiwongokere. Zitatu zonse zikutheka koma sizikufika patali ngati phewa, makamaka kumbuyo komwe ligamenti ija imakuimitsani msanga. Kuti chiuno chiguluke pamafunika mphamvu yaikulu ngati ya ngozi ya galimoto. Mwa okalamba omwe mafupa afooka chomwe chimachitika kawirikawiri akagwa ndi kuthyoka kwa khosi la femur, osati kuguluka.

Plane, ena amati gliding, sinditayapo nthawi yambiri. Ndi mafupa a nkhope zafulati omwe amangotsetserekana pang'ono. Ali pakati pa timafupa 8 ta padzanja, pakati pa timafupa tina mwa 7 ta kumbuyo kwa phazi, komanso pamwamba pa phewa pomwe clavicle yakumana ndi scapula. Jointi imodzi payokha imayenda pang'ono zedi koma zikaphatikizana zambiri zimapangitsa dzanja ndi phazi kufewa. Chofunika kusamala ndi msana, chifukwa uli ndi mitundu iwiri nthawi imodzi, kutsogolo timapilo tija ta cartilaginous, kumbuyo timajointi tiwiritiwiri totchedwa facet tomwe ndi ta synovial ta mtundu wa plane. Nde wina akakufunsani za msana mufunseni kaye kuti akunena pati.

Zomwe sizilowa bwino mgulu limodzi

Bondo ndi jointi yaikulu kuposa zonse ndipo mabuku ambiri amangoti hinge. Pamayeso wamba lembani hinge, mukhoza. Koma chitani ichi. Khalani pampando bondo litapinda, chidendene chili pansi, ikani chala pa kabampu ka tibia kali pansi pa bondo, nde tembenuzani phazi kunja ndi mkati. Kabampuko kakusuntha, kutanthauza kuti tibia ikuzungulira pang'ono. Wongolani mwendo wonse muyesenso, tsopano kuzungulira kulikonse kukuchokera kuchiuno, bondo latsekeka. Pomaliza kuwongoka tibia imapotokera kunja pang'ono ndi kukhoma bondo, ndi zomwe zimatilola kuima nthawi yaitali minofu ya ntchafu osatopa msanga. Chifukwa cha zimenezi ena amati modified hinge, ena amaliika ku condylar, ndipo onsewo ali ndi mfundo.

Mafupa a bondo salumana bwino ngati a chigongono, mitu iwiri yobulungira ya femur yangokhala pamwamba pa tibia pomwe ndi pafulati, nde pakati pali timapilo tiwiri tooneka ngati mwezi wongokhala kumene, meniscus wamkati ndi wakunja, ndipo mkati mwenimweni muli maligamenti awiri opingasana, ACL ndi PCL, kuwonjezera awiri a m'mbali. Wosewera mpira akaponda pansi phazi nkukanirira koma thupi nkupotoka, ACL kapena meniscus ndi zomwe zimang'ambika, ndipo ambiri amachita kumva kuti thu mkati bondo nkutupa maola ochepa. Kafupa kakutsogolo kaja, patella, kali mkati mwa tendoni ya mnofu waukulu wa ntchafu, mukawongola mwendo pabedi nkumasula minofu mutha kukakankha uku ndi uku ndi zala, mukakunga ntchafu kamaima nji.

Nsagwada nazo ndi zina. Ikani zala kutsogolo kwa makutu nde tsegulani kamwa pang'onopang'ono. Poyamba pakungotembenuka ngati hinji, mukapitiliza kuyasamula mumva kafupa kakutsetsereka kupita kutsogolo pansi pa zala zanu. Ndi hinge ndi gliding pamodzi, mkati muli kapilo kogawa jointiyo pawiri, ndipo yakumanja singayende popanda yakumanzere poti fupa ndi limodzi. Ndiponso mkati mwa khutu momwe simungagwire muli timafupa titatu, malleus, incus ndi stapes, kotsirizaka ndi kakang'ono kuposa mafupa onse, mamilimita atatu okha, koma natonso talumikizana ndi majointi enieni a synovial, pakati pa malleus ndi incus pali saddle, pakati pa incus ndi stapes pali ball and socket. Ine zimenezi zimandidabwitsa nthawi zonse ndikaziganiza.

Mukamayesa zonsezi mwina zala kapena bondo zilira, musaope ngati sipakupweteka. Mukakoka chala mpata wa mjointi umakula mwadzidzidzi, mphamvu ya mtimadzi tija imatsika nde pamapangika kathovu ka mpweya, ndipo mu 2015 ofufuza a pa University of Alberta ku Canada anajambula zimenezi zikuchitika ndi makina ounikira mkati mwa thupi otchedwa MRI. Pamatenga mphindi pafupifupi 20 kuti chala chomwecho chilirenso. Za kuti kulizitsa zala kumabweretsa nyamakazi, dokotala wina wa ku America, Donald Unger, ankalizitsa zala za dzanja lamanzere lokha kwa zaka pafupifupi 60 lamanja osalikhudza, ndipo sanapeze nyamakazi mdzanja lililonse, mu 2009 anamupatsa Ig Nobel, mphoto ya kafukufuku woseketsa koma wopatsa maganizo, chifukwa cha zimenezi. Anali munthu mmodzi yekha, koma kafukufuku wina wa anthu ambiri sanapezenso kugwirizana pakati pa ziwirizi. Kulira komwe kukubwera ndi ululu, kutupa kapena bondo kukanirira osafuna kuwongoka, kumeneko nde kosiyana ndipo nkofunika kukaonetsa.

Chomwe ndikufuna musachitenge mopepuka ndi jointi imodzi yomwe yatupa mwadzidzidzi, yatentha, yafiira, munthu sakufuna olo muikhudze, makamaka ngati thupi latenthanso. Itha kukhala gout, mtundu wina wa nyamakazi, yomwe imakonda patsinde pa chala chachikulu chakuphazi, koma ithanso kukhala kuti tizilombo talowa mkathumba kaja, ndipo mafinya amatha kudya katileji mmasiku ochepa, nde pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kwa mwana musadikire nkomwe. Jointi ikaguluka, mukuona kuti maonekedwe asintha ndipo munthu sakutha kuiyendetsa, musakoke kuti muibweze nokha olo wina atanena kuti amadziwa, pambali pa jointi pamadutsa manevi ndi mitsempha ya magazi ndipo nthawi zina fupa limakhala lathyokanso. Muchirikizeni mkono kapena mwendowo mmene ulili ndi nsalu kapena pilo, muone ngati zala zikumva kukhudza komanso sizikuzizira kapena kusintha mtundu, mumuvule mphete ndi wotchi dzanja lisanatupe, nde mupite naye akamujambule X-ray asanabwezedwe.